Tidziwe mawerengedwe a voti yathu Ogasiti asanafike

Pa Lachinayi, 13 Ogasiti 2026, anthu a ku Zemba ndi a m'boma lonse la Chadiza adzaima pa mzere pamodzi ndi dziko lonse kukasankha atsogoleri. Tsikuli lili m'lamulo lalikulu la dziko, limene kuyambira 2016 limanena kuti masankho aakulu azichitika Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Ogasiti pakatha zaka zisanu zilizonse. Maina a opikisana tidzawamva pa wailesi ndi pa misonkhano mpaka makutu kuwawa. Chimene sichikambidwa kawirikawiri ndi njira imene mavoti amawerengedwera kuti wina atchedwe wopambana. Komatu njira imeneyi ndiyo imatiphunzitsa kuvota. Imatiuza voti imene tiyenera kuiyesa yamphamvu ndi imene tiyenera kuiyesa yotayika, ndipo imauza zipani kumene zikapemphe mavoti ndi kumene zisawonongere mafuta a galimoto. Chaka chino mavoti athu adzawerengedwa m'njira zitatu zosiyana. Mkhristu amene akuzidziwa adzavota ndi maso otseguka, ndipo zotsatira zikadzatuluka sadzanamizidwa msanga.

Zimene tinaphunzira pa nthawi ya chipani chimodzi

Akuluakulu a m'mipingo yathu amakumbukira masankho a 1973, 1978, 1983 ndi 1988. Pa mpando wa pulezidenti panali dzina limodzi lokha, la Dr. Kenneth Kaunda, ndipo wovota ankangosankha inde kapena ayi. Ambiri mpaka lero amaseka akakumbukira chule, chizindikiro cha amene ankafuna kukana. Pa mpando wa phungu zinthu zinali zina: anthu angapo a UNIP ankapikisana m'dera limodzi, ndipo aphungu ambiri, ngakhale nduna zimene, ankagwa. Dongosolo limenelo linasiya maphunziro awiri m'mitu ya anthu. Loyamba ndi lakuti voti ya pulezidenti ndi yosonyeza kukhulupirika kwa mtsogoleri. Lachiwiri ndi lakuti phungu amayesedwa ndi zimene wabweretsa kumudzi, monga mjigo, mlatho kapena malata a sukulu.

Zipani zambiri zitabwerera mu 1991, MMD inatenga mipando 125 mwa 150, UNIP inatsala ndi 25. Mwa imeneyi, 19 inali ya chigawo chino cha Kum'mawa, ndiye kuti mipando yonse ya chigawochi. Kuno kunali anthu amene anavotera MMD, monganso ku Copperbelt kunali ovotera UNIP, koma m'Nyumba ya Malamulo sankaoneka, chifukwa m'dera lililonse wopambana amatenga mpando ndipo enawo satenga kanthu. Mapu a dziko anapakidwa mitundu, chigawo chilichonse mtundu wake, ndipo anthu anazolowera kunena kuti a Kum'mawa onse ndi a chipani chakuti, a Kumwera onse ndi a chipani chakuti. Mawu onga "umodzi kum'mawa" ndi "wako ni wako" anamera pa nthaka imeneyi. Zilipo zifukwa zina za mbiri ndi za chilankhulo, koma mawerengedwe a mavoti amakulitsa kusiyanako pobisa anthu zikwizikwi amene anavota mosiyana ndi anansi awo.

Wopambana atenga zonse

Njira imeneyi ndiyo tikali kugwiritsa ntchito posankha phungu wa dera, wapampando wa khonsolo ndi khansala wa wodi. Amene wapeza mavoti ambiri kuposa wina aliyense ndiye wapambana, ngakhale asafike theka. Tiyerekeze wodi ya ovota 1,000 ndi opikisana anayi. Woyamba apeza 320, wachiwiri 290, wachitatu 240, wachinayi 150. Woyambayo ndiye khansala, chonsecho anthu 680 sanamufune. Palibe amene waba. Lamulo ndi momwe lilili.

Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu. Ndi yosavuta kumva, zotsatira zimatuluka msanga, ndipo anthu amadziwa dzina ndi nkhope ya munthu wowaimira. Msewu ukaduka nthawi ya dzinja amadziwa khomo logogoda. Koma imaphunzitsanso zizolowezi zina. Wovota amayamba kufunsa kuti "adzapambana ndani?" asanafunse kuti "woyenera ndani?", poopa kutaya voti. Opikisana amadziwa kuti safunika kukopa anthu onse, angogwira midzi ingapo ndi mabanja akuluakulu, kenaka enawo agawane mavoti otsala. Nchifukwa chake mafumu, akulu a mpingo ndi atsogoleri a makopaletivu a fataleza amachezeredwa kwambiri masankho akayandikira.

Kuyambira 1996 mpaka 2015 pulezidenti nayenso ankasankhidwa motere. Mu Disembala 2001 panali opikisana 11. Levy Mwanawasa anapambana ndi 29 peresenti, Anderson Mazoka anapeza 27 peresenti, ndiye kuti mwa ovota khumi alionse, asanu ndi awiri anafuna munthu wina. Mu 2008 Rupiah Banda anapambana ndi 40 peresenti, Michael Sata 38. Mu 2011 Sata anapambana ndi pafupifupi 42 peresenti. Mu Janyuwale 2015 Edgar Lungu anaposa Hakainde Hichilema ndi mavoti osakwana 28,000, pa masankho amene anavota ndi munthu mmodzi yekha mwa atatu olembetsa. Mipingo ndi mabungwe ambiri ankadandaula kuti mtsogoleri wosankhidwa ndi anthu ochepa amavutika kugwirizanitsa dziko, ndipo komishoni ya Mung'omba, imene inamaliza ntchito yake mu 2005, inalangiza kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka.

Lamulo la kupitirira theka

Langizoli linasanduka lamulo pa 5 Janyuwale 2016, pamene Pulezidenti Lungu anasaina lamulo lalikulu lokonzedwanso ku Heroes Stadium mu Lusaka. Kuyambira pamenepo, wofuna upulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka la mavoti onse ovomerezeka. Ngati palibe wafika pamenepo, awiri otsogola amapikisananso pasanathe masiku 37. Lamulo lomwelo linabweretsa wachiwiri woima naye pa pepala limodzi, amene amalowa pa mpando pulezidenti akamwalira, kuti tisabwerezenso masankho apadera onga a 2008 ndi 2015.

Zipani zinasintha machitidwe nthawi yomweyo. Munthu sangafike theka ndi mavoti a zigawo ziwiri kapena zitatu zokha, choncho aliyense anayamba kufunafuna abwenzi. Mu 2016 Lungu anaima ndi Inonge Wina wa ku chigawo cha Kumadzulo ndipo anathandizidwa ndi mbali ina ya MMD. Hichilema anaima ndi Geoffrey Bwalya Mwamba wa kumpoto. Mu 2021 Hichilema anaima ndi Mutale Nalumango mu mgwirizano wa zipani zingapo, Lungu anaima ndi Nkandu Luo. Kwa anansi athu a ku Malawi zinayendanso chimodzimodzi. Mu 2019 Peter Mutharika analengezedwa wopambana ndi 38 peresenti ndi pang'ono. Khothi litathetsa masankhowo pa 3 Febuluwale 2020 ndi kunena kuti wopambana ayenera kupitirira theka, Lazarus Chakwera ndi Saulos Chilima, amene poyamba ankapikisana, anagwirizana napambana mu Juni chaka chomwecho. Mu Seputembala 2025 Mutharika anabwerera pa mpando ndi mavoti oposa 56 peresenti.

Ovota nawonso asonkhana pa anthu awiri. Mu 2006 amene anakhala wachitatu anapeza 25 peresenti, mu 2011 anapeza 18. Mu 2016 ndi mu 2021 wachitatu sanakwanitse ngakhale voti imodzi pa 100 alionse, chonsecho mu 2021 pa pepala panali maina 16. Kusonkhana kumeneku kunayamba kale mu Janyuwale 2015, lamulo lisanasinthe, choncho sitinganene kuti lamulo lokha ndilo linakubweretsa. Chimene chikuoneka nchakuti ambiri a ife tikuvota pa lamulo latsopano ndi mantha a lamulo lakale. Pa dongosolo la kupitirira theka, voti yopatsidwa kwa munthu wa chipani chaching'ono imawerengedwa pa chiwerengero chimene otsogola ayenera kupitirira theka lake. Mavoti otere akachuluka, masankho amapita kachiwiri, ndipo otsogola amakakamizika kumvera zofuna za anthu amene sanawavotere poyamba.

Mu Ogasiti 2016 Lungu anapeza 50.35 peresenti, Hichilema 47.63. Kusiyana kwawo kunali mavoti pafupifupi 100,000, koma Lungu anadutsa mzere wa theka ndi mavoti pafupifupi 13,000 okha, ochepa kuposa anthu olembetsa kuvota mu Chadiza mokha. Mavoti amenewo akanapita kwa wina aliyense mwa opikisana enawo, dziko likanavotanso. Pa pepala la pulezidenti mulibe malire a dera kapena a chigawo. Voti ya mayi wa ku Zemba imathiridwa m'dengu limodzi ndi ya munthu wa ku Kabulonga, ndipo imalemera chimodzimodzi, kaya anansi ake avota monga iye kaya ayi. Amene amati "kuno chipani changa sichipambana, ndivoterenji" akusokoneza pepala la pulezidenti ndi la phungu. Pepala lowonongeka lokha ndi voti ya amene wakhala kunyumba ndizo siziwerengedwa.

Suti ndi zimene timayembekezera kwa phungu

Mu 2021 wovota wa kuno analandira mapepala anayi: la pulezidenti, la phungu, la wapampando wa khonsolo ndi la khansala. Zipani zimatipempha kuvota suti, kutanthauza chipani chimodzi pa mapepala onse. Munthu ali ndi ufulu wotero, ndipo ali ndi chifukwa chomveka ngati akufuna kuti pulezidenti amene wamusankha akhale ndi aphungu omuthandiza kukhazikitsa malamulo. Koma suti si lamulo, ndipo pepala silowonongeka chifukwa chakuti wachonga zipani zosiyana pa mapepala osiyana. Anthu ambiri a m'dziko lino akudziwa kale zimenezi: mu 2016 anasankha aphungu oima paokha 14, mu 2021 anasankha 13. Nthawi zambiri awa amakhala anthu amene chipani chawo chinawakana koma anthu a m'dera ankawafuna.

Kusankha munthu mmodzi pa dera kwatizolowetsanso kuona phungu ngati bambo wa dera lonse, wogula mabokosi a maliro ndi kulipira ana sukulu. Ntchito imene lamulo lamupatsa ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ndi kufunsa boma mmene lagwiritsira ntchito ndalama. Ndalama za CDF zitakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera mu 2022, ndi kupitirira K36 miliyoni mu 2025, chisokonezochi chakula, pakuti desiki lililonse ndi kalasi iliyonse imalengezedwa ngati mphatso ya munthu. Ndalamazo ndi za msonkho wa anthu onse, zimadutsa ku khonsolo, ndipo zopempha zimayambira ku makomiti a chitukuko a m'mawodi. Amene wamvetsa zimenezi sapeputsanso pepala la khansala ndi la wapampando wa khonsolo, amene ambiri timachonga mothamanga titatopa.

Phunziro la diso ndi khutu

Kuipa kwa kusadziwa mawerengedwe tinakuona pa 11 Ogasiti 2016. Tsiku limenelo panali pepala lachisanu, la riferendamu yofuna kuwonjezera maufulu a anthu m'lamulo lalikulu, kuphatikizapo maufulu okhudza maphunziro, zaumoyo ndi madzi. Funso linali lalitali, chizindikiro cha inde chinali diso, cha ayi chinali khutu. Oposa 1.8 miliyoni anati inde, pafupifupi 750,000 anati ayi, ndipo mapepala oposa 700,000 anawonongeka. Ngakhale a inde anachuluka chotero, nkhaniyo inagwa, chifukwa lamulo la riferendamu limayeza ndi theka la anthu onse oyenera kuvota m'dziko, amene panthawiyo anali pafupifupi 7.5 miliyoni, ndipo muyeso umenewo sunakwane. Pa pepala limenelo, amene anakhala kunyumba anathandiza kuti nkhaniyo igwe, kaya ankadziwa kaya sankadziwa. Poti chipani cholamula chinkati inde ndipo chotsutsa chachikulu chinkakana, ambiri anavota ngati akusankhanso pulezidenti, osadziwa zimene zinali m'kati. Safunsa anadya phula. Mpaka lero maufulu amenewo sanalowe m'lamulo lalikulu.

Njira yachitatu imene yabwera

Mu Disembala 2025 Nyumba ya Malamulo inavomereza Bill 7 ndipo Pulezidenti Hichilema anasaina. Panali mkangano waukulu isanafike pamenepo. Bungwe la Oasis Forum, mmene muli mabungwe aakulu a mipingo ndi la maloya, linatsutsa kayendetsedwe kake ndi kufupika kwa nthawi masankho asanachitike. Mu Juni 2025 khothi loona za lamulo lalikulu linagamula kuti kusintha kotere kuyenera kuyamba ndi kufunsa anthu mokwanira, ndipo boma linakhazikitsa komiti imene inatolera maganizo m'zigawo. Akhristu anaima mbali zonse ziwiri za mkanganowo. Tsopano ndi lamulo, ndipo tidzavota pansi pa lamulo limenelo.

Zinthu ziwiri zikukhudza wovota. Choyamba, madera osankha aphungu awonjezeka kuchoka pa 156 kufika pa 226, choncho m'malo ambiri malire asuntha, ndipo munthu angapezeke m'dera la dzina lina ndi opikisana ena. Chachiwiri, pakhala mipando yapadera ya amayi, achinyamata ndi anthu olumala, imene idzagawidwa kwa zipani molingana ndi kuchuluka kwa mavoti amene zapeza. Chifukwa chake nchodziwika: mu Nyumba ya Malamulo yosankhidwa mu 2021 amayi sanakwane ngakhale mmodzi mwa aphungu asanu, m'dziko limene amayi ndi ochuluka kuposa abambo. Pamene mpando uli umodzi pa dera, zipani zimakonda kuimika munthu wa ndalama zokwanira kuchita kampeni yekha, ndipo kawirikawiri amakhala bambo wachikulire.

Kugawa mipando molingana ndi mavoti si chinthu chachilendo kwa anansi athu. Abale athu a kutsidya kwa malire ku Tete amavotera chipani, ndipo mipando ya chigawo chawo imagawidwa motsatira mndandanda wa maina umene chipanicho chalemba. Ku South Africa ndi chimodzimodzi. Lesotho inasakaniza njira ziwirizi kuyambira 2002, mipando 80 ya madera ndi 40 ya mndandanda, pambuyo pa ziwawa za 1998, pamene chipani chimodzi chinatenga mipando 79 mwa 80 ndi mavoti pafupifupi 60 peresenti. Phindu lake ndi lakuti voti ya munthu amene mbali yake yagonja kwawo imakhalabe ndi ntchito, chifukwa imaphatikizidwa ndi mavoti a anzake a kutali. Vuto lake ndi lakuti phungu wa pa mndandanda alibe mudzi womufunsa. Amene anamuika pa mndandanda ndi akuluakulu a chipani, ndipo kwa iwowo ndi kumene maso ake angamayang'ane. Ngati mindandanda idzadzaza ndi abale ndi abwenzi a atsogoleri a ku Lusaka, mayi wolima fodya ndi soya ku Chadiza sadzaona kusintha kulikonse. Mankhwala ake ndi kufunsa zipani poyera, masankho asanachitike, kuti ayika ndani pa mndandanda, anawasankha bwanji, ndipo a kumidzi alipo angati.

Mpingo woyamba unakumanapo ndi dandaulo la gulu loiwalika. Pa Machitidwe 6 akazi amasiye a Ayuda olankhula Chigriki ankasiyidwa pa kugawa chakudya. Atumwi anapereka miyeso ya munthu woyenera, nasiya khamu la okhulupirira kuti lisankhe lokha, ndipo asanu ndi awiri amene anasankhidwa onse anali ndi maina a Chigriki. Nkhaniyi siyikutiuza dongosolo limene Zambia iyenera kutsata, koma ikusonyeza kuti njira yosankhira ndi mbali ya chilungamo, ndiponso kuti osankha ayenera kuidziwa.

Ntchito ya mipingo m'miyezi yatsalayi

Guwa si malo ouzira anthu munthu womuvotera, ndipo m'mabenchi athu mumakhala a zipani zonse amene amadya Mgonero pa gome limodzi. Koma kuphunzitsa mawerengedwe a voti ndi ntchito imene mpingo ungachite popanda kukondera, ndipo kumidzi kulibe bungwe lina limene limasonkhanitsa anthu ambiri chotere sabata ndi sabata. Tikupempha abusa, akulu a mpingo, atsogoleri a chigwirizano cha amayi ndi a achinyamata kuti apatule mphindi zochepa mapemphero akatha, afotokoze m'Chinyanja chomveka kuti pepala la pulezidenti limafuna kupitirira theka ndipo masankho angabwerezedwe, kuti la phungu, la wapampando ndi la khansala limangofuna woposa anzake, ndi kuti mavoti a chipani tsopano akubweretsanso mipando yapadera. Aphunzitsi a za masankho a bungwe la ECZ angaitanidwe kudzera ku khonsolo kuti ayankhe mafunso, makamaka okhudza malire atsopano ndi mipando yapaderayi.

Aliyense aone ngati reji yake ndi kadi ya voti zilipo, adziwenso dera ndi malo amene adzavotere. Okalamba ndi osaona bwino asonyezedwe mmene angachongere kuti pepala lisawonongeke, ndipo auzidwe kuti lamulo limawalola kuthandizidwa. Tikumbutsane kuti voti ndi yachinsinsi: chitenge, mchere kapena K50 ya pa msonkhano siingatsatire munthu m'kachipinda kovotera, ndipo palibe amene angachotsedwe pa mndandanda wa fataleza kapena wa mtukula pakhomo chifukwa cha pamene wachonga, pakuti palibe amene anaona. Mavoti amawerengedwa pa malo ovotera pamaso pa oimira zipani ndi oyang'anira, zotsatira nkumatidwa pakhomo. Bungwe la CCMG, limene mipingo inakhazikitsa, limatumiza oyang'anira ndi kuwerenga palokha kuti litsimikize zimene ECZ yalengeza. Achinyamata athu odziwa kulemba ndi kuwerenga angadzipereke pa ntchito yotere.

Ngati pa 13 Ogasiti sipadzapezeka wopitirira theka, pasadzakhale wonamiza anthu kuti kuvota kachiwiri ndi chizindikiro cha kuba; ndi lamulo limene mipingo yomwe inalipempha kwa zaka zambiri. Ngati khansala adzapambana ndi mavoti osafika theka, tidziwe kuti njirayo imalola zimenezo, ndipo amene akuona kuti njirayo ndi yolakwika akanene pamene lamulo likukonzedwa, osati ndi miyala pa msika. Tipempherere ogwira ntchito a ECZ, apolisi, opikisana onse ndi mabanja awo, kuti Chadiza adzavote mwamtendere ndi modziwa chimene akuchita.